Kudwazika Matenda Pakhomo ku Mitundu ndi ku Nathenje

Munthu akachoka mu mzinda wa Lilongwe kulowera kumwera, n'kudzera ku Bunda, amafika pa Mitundu. Chakum'mawa kwake, pa msewu waukulu wopita ku Dedza, pali Nathenje. Pakati pa malo awiriwa pali midzi yambirimbiri ya Achewa, alimi a chimanga, mtedza ndi fodya. Pa Mitundu pali chipatala cha boma, pa Nathenje pali china chocheperapo, ndipo amishoni ali ndi zawo ku Mlale ndi ku Nkhoma. Komabe odwala ambiri a m'derali, m'zaka zana zapitazi, sadagone pa mabedi a zipatala zimenezi. Iwo adadwalira pamphasa m'nyumba zawo, ndipo amene adawatembenuza, kuwasambitsa ndi kuwamwetsa phala adali mayi, mlongo, agogo kapena mwana. Ntchito imeneyi imatchedwa kudwazika matenda, ndipo ili ndi mbiri yakeyake.

Pa mwambo wa Achewa mtundu umatsata kuchikazi. Amayi a bere limodzi, pamodzi ndi ana awo, amakhala mbumba ya mlongo wawo wamwamuna, ndipo iyeyo ndiye mwinimbumba. Kale munthu akadwala, matendawo sankakhala a nyumba imodzi yokha. Mwinimbumba ankauzidwa msanga, pakuti ndiye ankalamula kumene wodwala apite. Ngati wodwalayo adali mkamwini, akuchikazi ankatumiza mthenga kwa abale ake matenda asanakule, chifukwa kubisa matenda a mwana wa eni ake udali mlandu waukulu. Kawirikawiri abalewo ankabwera kudzamutenga kuti akadwalire kwawo.

Ntchito zinkagawidwa motsata chikhalidwe. Amuna ankapita kukaombeza ndi kukafuna mankhwala kwa sing'anga. Akazi ndiwo ankakhala ndi wodwala usana ndi usiku, kusonkha moto, kumuthowa ndi madzi otentha, kuphika phala ndi kuchapa zofunda. Anansi ankabwera kudzazonda matenda atanyamula ufa, nkhuni kapena nkhuku, ndipo munthu wosazonda anzake ankadziwika m'mudzi monse. Padalinso miyambo yoti achibale adzisunge pa nthawi ya matenda, poopa kumutsempha wodwalayo. Nthenda zoopsa ngati nthomba ndi khate zokha ndizo nthawi zina zinkachititsa kuti munthu amumangire kanyumba kunja kwa mudzi, koma ngakhale kumeneko padali wina womuperekera chakudya.

Amishoni a mpingo wa Dutch Reformed adakhazikitsa mishoni ya Nkhoma m'chaka cha 1896, ndipo ntchito ya chipatala kumeneko idakhazikika m'chaka cha 1915. Anthu ena amaganiza kuti kubwera kwa zipatala kudathetsa ntchito ya wodwazika. Zoona zake n'zakuti chipatala chidangomusamutsa. Wodwala akamunyamula pa machira, kapena pambuyo pake pa ngolo, mbale wake ankatsatira pambuyo atasenza mphika, mphasa ndi ufa. Anamwino adali ochepa, kotero kuti kusambitsa wodwala, kumudyetsa ndi kumuperekeza kuchimbudzi kudatsalirabe kwa mbaleyo. Umu ndi mmene kudayambira chitando, malo amene odikirira odwala amaphikirako ndi kugonako, ndipo mpaka lero chipatala cha m'Malawi muno sichingayende popanda munthu amene ambiri amangomutcha gadiyani.

Mipingo idawonjezera china pa mwambo wa makolo. M'chaka cha 1940 amayi a mpingo wa Nkhoma adayamba bungwe lawo la Chigwirizano, ndipo kuyendera odwala idali imodzi mwa ntchito zake zikuluzikulu. Kumbali ya Akatolika, Episkopi Patrick Kalilombe wa dayosizi ya Lilongwe adachititsa msonkhano waukulu wa akhristu kuyambira 1973 mpaka 1975, umene udakhazikitsa miphakati, timagulu ta mabanja oyandikana opempherera ndi kuthandizana pamodzi. Chatsopano apa chidali chakuti munthu ankatha kutungira madzi wodwala amene sadali wa mbumba yake. Pa nthawiyo palibe adadziwa kuti timagulu timeneti tidzasenza katundu wolemera chotani patangopita zaka makumi awiri.

Boma nalo lidayamba kutumiza anthu ake kumidzi. M'zaka za m'ma 1960 lidalemba anthu obaya katemera wa nthomba, ndipo kolera itabuka m'chaka cha 1973 lidalembanso ena othandiza kulimbana nayo. Anthu amenewa ndiwo adadzasanduka alangizi a zaumoyo. Msonkhano wa maiko umene udachitikira ku Alma-Ata m'chaka cha 1978 udalimbikitsa ganizo lomwelo, lakuti chithandizo chiyandikire anthu. Koma ntchito ya alangizi idali yopewa matenda: katemera, sikelo ya ana, zimbudzi ndi madzi abwino. Kugona ndi wodwala usiku kudali kwa achibale ngati kale. M'zaka zomwezo likulu la dziko lidasamukira ku Lilongwe mu 1975, chipatala chachikulu cha Kamuzu chidatsegulidwa mu 1977, ndipo anyamata ndi atsikana ambiri a ku Mitundu ndi ku Nathenje adapita kutauni kukafuna ntchito.

Munthu woyamba kupezeka ndi Edzi m'dziko muno adadziwika m'chaka cha 1985. Boma lidakhazikitsa nthambi yolimbana ndi nthendayi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, koma mu ulamuliro wa chipani chimodzi nkhani zokhudza kugonana sizinkakambidwa poyera, ndipo kachilombo kadafala mwakachetechete. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre, mwa amayi oyembekezera 100 alionse amene adayezedwa mu 1985, awiri okha ndiwo adali ndi kachilomboka. Pofika 1993 chiwerengerocho chidafika pafupifupi 30. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, pafupifupi munthu mmodzi mwa akuluakulu asanu ndi awiri alionse m'dziko muno adali nako. Chifuwa chachikulu chidatsatira pambuyo pake: odwala olembedwa m'kaundula adali pafupifupi 5,000 mu 1985, koma patapita zaka khumi ndi ziwiri adapitirira 20,000 pa chaka.

Zipatala zidadzaza. Ena ankagona pansi, ena m'makhonde. Popeza mankhwala ogonjetsa kachilomboka padalibe, madokotala ankachiza zimene akadatha, kenaka n'kuuza achibale kuti akamusamalire munthu wawo kunyumba. Aliyense ankadziwa tanthauzo la mawu amenewa. Wodwala wa m'tauni, ntchito itamuthera ndi ndalama ya lendi itasowa, ankakwezedwa galimoto kupita kumudzi. Midzi yoyandikana ndi mzinda, ngati ya ku Mitundu ndi ku Nathenje, idalandira ana ake motero. Amene adachoka ali amphamvu, namatumiza sopo ndi ndalama za feteleza, adabwerera ali ofooka, ena ndi ana aang'ono m'manja.

Apa m'pofunika kuima pang'ono ndi kuona zimene zinkachitika m'nyumbamo, chifukwa mbiri yolembedwa imakonda kuwerenga maliro n'kuiwala miyezi imene idatsogolera malirowo. Wodwala Edzi ankatha kukhala chigonere miyezi yambiri. Kutsekula m'mimba kosalekeza kunkafuna kuti zofunda zichapidwe kangapo pa tsiku, pamene madzi adali kuchitsime kapena kumjigo, ndipo sopo adali wogula. Zilonda za m'kamwa ndi za kukhosi zinkamuletsa kumeza nsima, kotero kuti wodwazika ankaphika phala lamadzimadzi n'kumamumwetsa pang'onopang'ono ndi sipuni. Munthu wogonera mbali imodzi nthawi yaitali amatuluka zilonda m'chiuno ndi kumsana, ndiye ankayenera kutembenuzidwa ngakhale pakati pa usiku. Magolovesi kudalibe, ndipo ena ankavala timajumbo m'manja, pamene ena ankagwira ndi manja okha poopa kuti wodwala angaganize kuti akunyansidwa naye. Panalinso vuto la ulemu. Mwambo sulola mayi kuona thupi la mwana wake wamwamuna wamkulu, ngakhale mwana wamkazi kusambitsa bambo ake, koma m'nyumba zambiri munalibe wina woti achite zimenezi.

Matenda sankayembekeza kuti ntchito ya kumunda ithe. Mayi amene adali pamphasa ndi wodwala m'mwezi wa Disembala sankapalira, ndipo munda wosapalira ndi njala ya chaka chamawa. Fodya, amene amafuna manja ambiri kuyambira ku nazale mpaka ku chigafa, ankasiyidwa. Banja linkagulitsa nkhuku, kenaka mbuzi, kenaka njinga, ena mpaka ng'ombe za pangolo, pofunafuna mankhwala ndi ndalama yoyendera. Atsikana ambiri adasiya sukulu kuti athandize amayi awo, ndipo izi zidachitika pa nthawi yomwe boma lidachotsa fizi ku pulayimale mu 1994. Chopweteka koposa chidali chakuti dongosolo la mbumba lidatembenuzika. Kale ana ndiwo ankadwazika makolo. Tsopano agogo adadwazika ana awo mmodzimmodzi, n'kutsala ndi adzukulu. Njala ya 2001 ndi 2002 idapeza mabanja otere atatha kale mphamvu.

Dzina la nthendayi silinkatchulidwa. Ena ankati kaliwondewonde, ena matenda a boma. Popeza zizindikiro zake zinkafanana ndi za tsempho ndi kanyera, nthenda zimene makolo ankazidziwa kale, mabanja ambiri ankafufuza amene adalakwira mwambo, ndipo kawirikawiri chala chinkaloza mkazi, yemweyo amene ankachapa zofunda. Ena ankaganizira ufiti, ubale n'kutha. M'chaka cha 1995 kudamveka kuti Billy Goodson Chisupe wa ku Machinga adalota mankhwala otchedwa mchape, ndipo anthu zikwizikwi ochokera m'zigawo zonse adakhamukira kumeneko kukamwa. Mankhwalawo sadachiritse Edzi. Komabe si bwino kuwaseka anthu amenewo, pakuti munthu amene chipatala chamubweza amapita kulikonse kumene kwamveka chiyembekezo.

M'nyengo yovutayi ndi mmene mudabadwira magulu osamalira odwala kumudzi. Bungwe la NAPHAM, la anthu amene ali ndi kachilombo, lidayamba mu 1993, ndipo ufulu wolankhula umene udadza ndi ulamuliro wa zipani zambiri mu 1994 udathandiza kuti nkhaniyi ituluke poyera. Mu 1997 ogwira ntchito ena a pa chipatala chachikulu cha Lilongwe adayamba, mongodzipereka, kuyendera odwala amene adatulutsidwa m'chipatala, ndipo ntchito yawo ndiyo idakula n'kukhala Lighthouse. Kumidzi maziko adalipo kale. Miphakati, amayi a Chigwirizano, magulu a mipingo ina ndi makomiti a mafumu adasankha anthu oti aphunzitsidwe kwa masabata ochepa, ndipo ambiri mwa osankhidwawo adali amayi.

Wodzipereka wotere ankayenda ndi chikwama chokhala ndi sopo, magolovesi, nsalu zomangira zilonda, panado, mankhwala a jivi opaka m'zilonda ndi timapaketi ta mchere ndi shuga tobwezera madzi m'thupi. Akafika pakhomo ankasesa, kutunga madzi ndi kusambitsa wodwala. Koma ntchito yake yaikulu idali kuphunzitsa wodwazika wa m'nyumbamo mmene angatembenuzire munthu osamupweteka, mmene angadzitetezere, ndi kuzindikira nthawi yoti athamangire kuchipatala. Magulu ena adalandira njinga zokoka kabedi kumbuyo, zimene zidalowa m'malo mwa machira. Poyamba mabanja ena ankawakana, chifukwa chikwama chija chikalowa pakhomo mudzi wonse unkadziwa nthenda imene ili m'nyumbamo. Malipiro padalibe. Mabungwe ankapereka njinga, ambulera kapena malaya olembedwa dzina la bungwe, ndipo chikwama chikatha mankhwala wodziperekayo ankapitabe chimanjamanja, nthawi zina atatapa ufa wa m'nyumba mwake. Akuluakulu adati mutu umodzi susenza denga, koma pa denga limeneli mitu imene idasenza idali ya anthu osauka okhaokha.

Boma lidayamba kuvomereza poyera kufunika kwa wodwazika kudzera m'chifuwa chachikulu. Kale wodwala chifuwachi ankagonekedwa m'chipatala miyezi iwiri yoyambirira akulandira jekeseni tsiku ndi tsiku. Mabedi atachepa, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 adayesa njira ina ku Ntcheu, kenaka ku Lilongwe: wodwala ankapatsidwa mapiritsi kuti azikamwera kwawo, mbale wake akumuyang'anira ndi kuchonga pa khadi tsiku lililonse. Zotsatira zake zidakhutiritsa akuluakulu a zaumoyo, ndipo njirayi idafalikira m'dziko lonse. Mayi wa kumudzi, amene mwina sadapite patali ndi sukulu, adapatsidwa udindo umene kale udali wa namwino.

Kusintha kwakukulu kudadza mu 2004. National AIDS Commission idali itakhazikitsidwa mu 2001, ndipo dziko lidapeza thandizo la ndalama kuchokera ku Global Fund. M'mwezi wa Febuluwale 2004 Pulezidenti Bakili Muluzi, pokhazikitsa ndondomeko ya dziko yolimbana ndi Edzi, adaulula kuti mbale wake adamwalira ndi nthendayi. M'mwezi wa Juni chaka chomwecho zipatala za boma zidayamba kupereka mankhwala otalikitsa moyo kwaulere. Izi zisadachitike mankhwalawa ankapezeka m'malo owerengeka pa mtengo wa K2,500 pa mwezi, ndalama imene mlimi wamba sakadaikwanitsa. Piritsi loyamba lidali Triomune, lopangidwa ku India, lomwa m'mawa ndi madzulo. Ndipo apanso chipatala chidatsamira pa wodwazika, pakuti woyamba mankhwala ankapemphedwa kubwera ndi mbale wake kuti aphunzire naye limodzi kamwedwe kake.

Anthu amene adali atawalirira kale adadzuka pamphasa n'kubwerera kumunda. Mu 2011 Malawi lidakhala dziko loyamba kupereka mankhwalawa kwa moyo wonse kwa mayi aliyense woyembekezera kapena woyamwitsa amene wapezeka ndi kachilombo. Mu 2016 aliyense wopezeka nako adayamba kulandira nthawi yomweyo, ndipo pofika 2020 olandira mankhwala adapitirira 800,000. Ntchito ya magulu a kumudzi idasintha. M'malo mosambitsa ogona chigonere, adayamba kulondola amene asiya kukatenga mankhwala ndi kulimbikitsa anthu kukayezetsa magazi.

Ganizo lochizira munthu kwawo lidafikanso kwa ana. Mu 2002 ku Dowa kudayesedwa njira yopatsa mayi chiponde kuti azikadyetsa kunyumba mwana wonyentchera, m'malo momugoneka m'chipatala masabata angapo. Kuyambira 2008 alangizi a zaumoyo a m'madera ovuta kufikako adaphunzitsidwa kuchiza malungo, chibayo ndi kutsekula m'mimba kwa ana aang'ono m'midzi momwemo.

Koma odwala a pamphasa sadathe. Adangosintha nthenda. Khansa ya khomo la chiberekero, ya kummero ndi ya pakhungu zimapezeka mochedwa mwa anthu ambiri a kumudzi, ndipo chimene chimatsala ndi kuchepetsa ululu. Pa chifukwa chimenechi bungwe la PACAM lidakhazikitsidwa mu 2005, malo a Ndi Moyo adatsegulidwa ku Salima mu 2007, ndipo mu 2014 boma lidatulutsa ndondomeko ya chisamaliro cha odwala matenda osachiritsika. Mankhwala amadzi a morphine, amene mbale angathe kumwetsa wodwala kunyumba pa maola oikika, adathetsa kubuula kumene m'zaka za m'ma 1990 kunkamveka usiku wonse, ngakhale kuti safika kwa onse owafuna. Kuthamanga kwa magazi ndi shuga nazo zabweretsa anthu ofa ziwalo, amene amafuna kunyamulidwa kwa zaka. Mwatsoka, mankhwala a Edzi atafala, mabungwe ambiri adaika ndalama zawo kwina, ndipo magulu ochuluka a odzipereka adazilala pa nthawi imene odwala atsopanowa ankachuluka.

Kudwazika pakhomo kuli ndi malire ake, ndipo miliri yaposachedwa idawaonetsa. Pa nthawi ya Covid-19, imene idafika m'dziko muno mu Epulo 2020, odwala pang'ono ankauzidwa kudzipatula kunyumba, langizo lovuta kwa banja logona m'zipinda ziwiri ndi kudyera mbale imodzi. Kolera ya 2022 ndi 2023, imene idapha anthu oposa 1,700 ndipo Lilongwe lidali limodzi mwa maboma okhudzidwa kwambiri, idaphunzitsa china. Nthenda imeneyi imatha madzi m'thupi m'maola ochepa, ndipo mabanja amene adayamba ayesa kusamalira wodwala pakhomo, monga adazolowera, ena adafika naye kuchipatala mochedwa. Mu Januwale 2025 boma la America lidaimitsa thandizo lake la kunja, ndipo ntchito zina zolondola odwala kumidzi, zimene zinkadalira ndalama zimenezo, zidasokonekera.

Lero munthu wofa ziwalo akatulutsidwa m'chipatala cha pa Mitundu kapena ku Nkhoma, achibale amakhalabe pansi ndi kukambirana funso limene makolo awo ankakambirana: akadwalire kuti, nanga akamudwazike ndani. Minda yachepa, ana ambiri ali ku Lilongwe kapena ku Joni, ndipo ena amatumiza ndalama pa foni m'malo mobwera okha. Ndalamayo imagula sopo ndi shuga wa m'phala, koma wotembenuza wodwala usiku amakhalabe amene watsala pamudzi, kawirikawiri mlongo wake, mkazi wake kapena mdzukulu wamkazi amene m'mawa mwake amayenera kukhala m'kalasi.